Ndinalipira ulendo wotsata moyo wa Miriam Makeba mu Joni muno, ndipo ndalama yanga sinapite pachabe

Anzanga a ku Malawi amene muli mu Joni muno, makamaka inu a ku Mayfair, Fordsburg ndi Brixton amene Newtown mumangoidutsa pothamangira takisi ku Bree, pali ulendo woyenda pansi umene ndikufuna mukauyese. Amautsogolera ndi mayi wina wachikulire wa konkuno, ndipo nkhani yake ndi imodzi yokha, moyo wa Miriam Makeba. Umayambira ku Newtown m'mawa, n'kutsikira kumunsi kwa Eloff Street, kenako kaminibasi kamakunyamulani kupita ku Sophiatown komwe umakathera dzuwa litapendeka. Mtengo wa munthu mmodzi ndi wofanana ndi ndalama imene achemwali anga amalandira akagwira tsiku limodzi lochapa ndi kusita ku Northcliff. Kwa ife amene mwezi ukatha timayamba tatumiza kaye kumudzi tisanagule chathu, imeneyo si ndalama yochepa. Ndinalipirira anthu awiri, ine ndi mwana wanga wamkazi amene ali ku sekondale, ndipo sindikunong'oneza bondo, ngakhale pali zina zimene sizinandisangalatse ndipo ndizinena.

Ine ntchito yanga ndi ya utelala, ndimasoka makatani ndi madiresi aukwati m'kashopu kena ku Fordsburg. Mayi Makeba ndinawadziwira pa wailesi kwathu ku Ntcheu, ndipo zimene ndinkadziwa za iwo ndi zomwe ambirife timadziwa: mawu onga nzimbe, Pata Pata, ndi dzina loti Mama Africa. Wotitsogolera uja, amene tonse tinkangowaitana kuti Gogo monga amachitira anthu a kuno, sanayambire kumeneko. Tinakumana pa Miriam Makeba Street, msewu umene kale unkatchedwa Bezuidenhout, ndipo asanatchule nyimbo ngakhale imodzi anayamba kutiuza za ndende.

Mayi Makeba anabadwa pa 4 Malichi 1932 ku Prospect Township, dera la anthu akuda limene linagwetsedwa iwo adakali mwana. Ali ndi masiku 18 okha, amayi awo anamangidwa chifukwa chofulula umqombothi, masese a kuno, amene lamulo la azungu linkaletsa munthu wakuda kufulula n'kugulitsa. Banjalo linalibe ndalama ya chindapusa, choncho mayi ndi khanda lake anakhala m'ndende miyezi 6. Apa mtima wanga unagunda, chifukwa ife amayi anatiphunzitsa sukulu ndi ndalama ya masese. Ndikudziwa kuyanika chimera, ndikudziwa kudzuka mbandakucha kukasonkhezera moto pansi pa mgolo, ndipo sindinaonepo munthu akubwera kudzawamanga amayi chifukwa cha ntchito imeneyo. Bambo awo a Makeba anamwalira mwanayo ali ndi zaka 6. Amayi awo ankagwira ntchito m'nyumba za azungu komanso anali sing'anga wa mizimu, ndipo Miriam atasinkhuka nayenso analowa yomweyo yolera ana ndi kukolopa, imene amayi ambiri a kwathu akugwira lero ku Randburg ndi ku Sandton. Anakwatiwa ali wamng'ono, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Bongi, anabadwa mu 1950.

Chigawo cha Newtown ndi chabwino kwa munthu amene amadutsapo tsiku ndi tsiku osakweza maso. Gogo amakuonetsani kuti maina a misewu ya kumeneko ndi a anthu amene ankaimba, kulemba ndi kujambula m'zaka zomwezo: Dolly Rathebe, Gwigwi Mrwebi, Henry Nxumalo mtolankhani wa magazini ya Drum, Gerard Sekoto wojambula. Pafupi ndi Market Theatre pali chiboliboli cha Kippie Moeketsi woimba saxophone, ndipo aliyense amafuna kujambulitsa pamenepo. Vuto loyamba linali pomwepa. Msewu waukulu wa M1 umadutsa pamwamba pa Newtown, magalimoto sasiya kulindima, ndipo kasipika kamene Gogo amamangirira m'chiuno n'kofooka. Tinalipo gulu lalikulu ndithu, ambiri alendo a kunja, ndipo amene anali kumbuyo ankangomva theka. Mukapita, musachite manyazi, khalani pafupi nawo.

Kuchoka pamenepo mpaka ku Dorkay House ndi kamtunda, ndipo mbali ya kumunsi kwa Eloff Street si yoyendamo foni ili m'manja. Gogo amayenda ndi mnyamata amene amakhala kumbuyo kwa gulu kuonetsetsa kuti palibe wotsalira, ndipo zimenezi ndinaziyamikira. Nyumba yakeyo mukaiona simungaiganizire kanthu, ndi yakale ndiponso yotopa. Koma m'zaka za m'ma 1950 ndi mmene oimba akuda ankakumanirana, kuphunzitsana ndi kusakirana ntchito, moyandikana ndi Bantu Men's Social Centre. Nthawi imeneyo n'kuti Mayi Makeba atadziwika kale poimba ndi Manhattan Brothers, kenako ndi gulu la akazi okhaokha la Skylarks. Bungwe la oimba la pa Dorkay House ndi limene linakonza sewero la nyimbo la King Kong, lonena za wankhonya Ezekiel Dlamini, nyimbo zake zopekedwa ndi Todd Matshikiza. Linatsegulidwa mu Febuluwale 1959 mu Great Hall ya yunivesite ya Wits, chifukwa kumeneko akuda ndi azungu akanatha kukhala m'holo imodzi. Mayi Makeba ankasewera ngati Joyce, mwini shabini, ndipo m'gulu loimba zida munali Hugh Masekela, Jonas Gwangwa ndi Kippie yemwe uja. Gogo anaima pakhomo n'kutiuza kuti tiganize za mtsikana amene usiku akuomberedwa m'manja ndi holo yodzaza, koma akatuluka panja ayenera kuopa wapolisi ngati wina aliyense wakhungu lakuda, ndipo ndalama imene akulandira siikugwirizana n'komwe ndi kutchuka kwake.

Minibasi inachedwa. Tinaima padzuwa nthawi yaitali, ndipo palibe anabwera kudzapepesa kupatula Gogo okha amene ankangoimba foni.

Sophiatown ndiye mtima wa ulendo wonse, ndipo ngakhale akanati ulendowo ukhale wa kumeneko kokha ndikanalipirabe. Lero ndi dera lachete la nyumba zamipanda ndi agalu, loti mungadutse osadziwa kuti pansi pa nyumbazo pali zidutswa za nyumba za anthu ena. Anali amodzi mwa malo ochepa mu Joni mmene munthu wakuda ankatha kugula puloti n'kukhala yake. Pa 9 Febuluwale 1955 apolisi okwana 2,000 anafika m'mawa kudzayamba kukweza mabanja m'malole kupita nawo ku Meadowlands, ndipo m'zaka zotsatira dera lonse linagumulidwa, n'kumangapo nyumba za azungu n'kulitcha Triomf. Dzina lakale linabwerera mu 2006. Zimene zinatsala n'zowerengeka. Tinalowa m'tchalitchi cha Anglican cha Christ the King, chimene chili pamtunda pa Ray Street, kumene ankatumikira bambo Trevor Huddleston, wansembe yemwe anapezera Masekela lipenga lake loyamba. Tinaimanso pa nyumba ya Dr A.B. Xuma pa Toby Street, dokotala amene anatsogolera ANC kuyambira 1940 mpaka 1949. Gogo amayenda ndi zithunzi zakale zokutidwa ndi pulasitiki, ndipo amakuimikani pakona n'kukweza chithunzi kuti muone mmene msewu womwewo unalili uli wodzaza ndi ana, mashopu ndi anyamata ovala zipewa. Makolo a Gogo anali m'gulu la osamutsidwawo, choncho sakamba ngati wowerenga m'buku.

Mu Sophiatown yemweyo, akugumulidwa, ndi mmene mzungu wa ku America Lionel Rogosin anajambula mobisa filimu ya Come Back, Africa. Mayi Makeba anaonekamo mphindi zochepa chabe, akuimba nyimbo ziwiri m'shabini, koma mphindi zimenezo ndi zimene zinawatulutsa m'dziko mu 1959 kupita ku chionetsero cha mafilimu ku Venice, kenako ku London kumene anakumana ndi woimba wa ku America Harry Belafonte, mpaka ku New York. Anachoka ngati munthu wopita kuntchito amene abwerako. Pa 21 Malichi 1960 apolisi anaombera anthu ku Sharpeville n'kupha 69, ndipo abale awiri a Mayi Makeba anali m'gulu la ophedwawo. Chaka chomwecho amayi awo anamwalira. Atafuna kubwerera kudzaika maliro, anapeza kuti boma lafafaniza pasipoti yawo.

Gogo anakamba zimenezi titakhala pa mabenchi a m'tchalitchi muja, ndipo alendo a kunja anagwedeza mitu mwachisoni n'kudikira nkhani yotsatira. Ine sindinathe kupitirira msanga. Ndani mwa ife sakudziwa munthu amene anaonera maliro a mayi ake pa WhatsApp, foni itagwiridwa ndi mphwake kumanda, netiweki ikudukaduka? Wina masiku a pa pasipoti anatha kalekale ndipo akudziwa kuti akatulukira pa Beitbridge amudinda chidindo chomuletsa kubwerera, ntchito n'kuthera pomwepo. Wina abwana anakana kumupatsa masiku. Wina ndalama ya basi yodutsa Zimbabwe ndi Tete mpaka Mwanza kapena Dedza inalibe, anasankha kuitumiza kuti igule bokosi. Kwathu timati maliro n'kulirana, ndipo munthu amene sanaponye dothi m'manda a mayi ake amayenda ndi chinthu pamtima chimene sichichoka. Ine bambo anga anaikidwa ndili pa makina osokera. Sindikunena kuti zathu n'zofanana ndi zawo. Ife tinabwera tokha kudzasaka ndalama, iwo boma linawatsekera khomo dala pofuna kuwalanga. Koma ululu wa tsiku la malirolo ndi womwewo, ndipo Mayi Makeba anakhala nawo zaka 30 asanapondenso dziko lawo. Atabwerera mu Juni 1990, Nelson Mandela atatuluka m'ndende n'kuwalimbikitsa kuti abwere, analowa ndi pasipoti ya France, ndipo chimodzi mwa zinthu zoyamba zimene anachita ndi kupita kumanda a amayi awo.

Mwana wanga, amene anabadwira kuno ndipo Chizulu amachilankhula bwino kuposa Chichewa, anandigwira dzanja n'kunong'ona kuti, "Amayi, ndiye bwanji sanangokhala chete kuti amulole kubwerera?" Ndinamuuza kuti afunse Gogo, ndipo yankho lawo ndi limene linandikhutiritsa kuti mayiyu ntchito yake amaidziwa. Sanakometse kanthu. Anati Mayi Makeba akanatha kukhala chete, chifukwa ku America zinthu zinkawayendera. Mu 1962 anaimba pa phwando la tsiku lobadwa la pulezidenti Kennedy ku Madison Square Garden. Koma mu 1963 anakaima pamaso pa komiti ya United Nations yoona za tsankho n'kupempha maiko kuti asiye kuchita malonda ndi boma la South Africa ndi kuligulitsa zida. Boma linayankha powalanda unzika ndi kuletsa nyimbo zawo m'dziko muno. Anakhala munthu wopanda dziko mpaka maiko ena, monga Guinea, Algeria ndi Ghana, anayamba kuwapatsa mapasipoti, ndipo pa moyo wawo wonse anakhala nawo 9. Mu 1966 analandira mphotho ya oimba ya Grammy pa chimbale chimene anaimba ndi Belafonte, mu 1967 Pata Pata inawanda dziko lonse, koma mu 1968 atakwatiwa ndi Stokely Carmichael, mtsogoleri wa achinyamata akuda omenyera ufulu ku America, makonsati anayamba kuthetsedwa ndipo makampani a nyimbo anawataya. Kachiwiri anataya malo ake chifukwa chosafuna kubisa mbali imene anali. Gogo anamaliza pouza mwana wanga kuti mwini wakeyo ankakonda kunena kuti iye saimba ndale, amangoimba zoona za moyo wa kwawo.

Apa ndi pamene ndili ndi dandaulo langa lalikulu. Zaka pafupifupi 15 zimene Mayi Makeba anakhala ku Guinea atachoka ku America, Gogo anazidumpha ndi mawu ochepa pamene tinkakwera minibasi. Ndikumvetsa kuti ulendowu ndi wa malo a mu Joni ndipo Conakry, likulu la Guinea, sungamulozere munthu ndi chala. Komabe zaka zimenezo ndi zimene anakhaladi mayi wa Africa yense. Anali ataimba kale ku Addis Ababa mu 1963 pamene bungwe la umodzi wa maiko a mu Africa la OAU linkakhazikitsidwa, anaimba ku Kinshasa mu 1974, ankaimirira dziko la Guinea ku United Nations. Kumeneko ndi kumenenso Bongi anamwalira mu 1985, iwo n'kutsala ndi adzukulu oti alere. Ndiponso pali funso lovuta limene munthu wowakonda ayenera kulimba mtima kulifunsa. Amene anawalandira ndi kuwasamalira, pulezidenti Sékou Touré, ankatsekera omutsutsa ku ndende ya Camp Boiro kumene ambiri anafera, kuphatikizapo Diallo Telli, mlembi wamkulu woyamba wa OAU, mu 1977. Ife amene tikudziwa za Mikuyu ndi Dzaleka sitingamve zimenezi n'kungozidutsa. Ine ndimaona kuti munthu amene maiko awiri amukana amagwira dzanja limene latambasulidwa, ndipo sindiwaweruza. Koma ndikanakonda kuti Gogo azinene poyera, chifukwa anthu amene alipira kuti amve za moyo wa munthu ayenera kumva wonse.

Chinanso chimene sichinatchulidwe, ndipo apa sindiwaimba mlandu Gogo chifukwa si mbiri ya kwawo, ndi mbali ya dziko lathu. Ndinachita kumufotokozera ndekha mwana wanga pobwerera. Pamene Mayi Makeba ankapempha maiko kuti alisale boma la tsankho, Malawi anatsegula ubale wa ukazembe ndi boma lomwelo mu 1967, a Kamuzu anadzacheza kuno mu 1971 n'kulandiridwa ndi ulemu wonse, ndipo likulu la Lilongwe linayamba kumangidwa ndi ngongole yochokera konkuno. Nthawi yomweyo agogo athu ankabwera pa Wenela kudzakumba golide pansi pa mzinda uno, n'kumagona m'makomponi. Ena mwa iwo ndi amene anabwerera kumudzi ndi magalamafoni ndi mbale za nyimbo za kuno, ndipo kwela anafika mpaka kwa a Kachamba ku Chileka. Komanso tisaiwale Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anayambitsa bungwe la apantchito akuda la ICU ku Cape Town mu 1919. Mbiri yathu ndi dziko lino ili ndi zonyaditsa ndi zochititsa manyazi, ndipo mwana wobadwira kuno ayenera kudziwa zonse ziwiri.

Za chakudya: mumaima pa nyumba ina ku Sophiatown komwe amagulitsa papa, chakalaka ndi nyama yowotcha. N'chokoma ndipo mbale yake ndi yodzaza, koma sichili mu mtengo wa ulendo, ndipo zimenezi sanatiuze polembetsa. Tengani ndalama yapadera kapena kamba wanu. Chimbudzi choyamba chodalirika mumachipeza ku Sophiatown komweko, choncho amene muli ndi ana konzekerani musananyamuke ku Newtown.

Gogo amathera ulendowu panja pa tchalitchi, ndi nkhani ya imfa. Mayi Makeba anamwalira pa 9 Novembala 2008 ku Castel Volturno m'dziko la Italy, ali ndi zaka 76, atangomaliza kuimba pa konsati yothandiza mlembi Roberto Saviano amene zigawenga za Camorra zinkafuna kumupha. M'tauni yomweyo, miyezi iwiri m'mbuyomo, zigawengazo zinali zitapha anthu 6 obwera kuchokera ku maiko a kuzambwe kwa Africa. Gogo sanaope kulumikiza zimenezi ndi za kuno. Anakumbutsa gulu lonse kuti mu Meyi chaka chomwecho ziwawa zothamangitsa obwera zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu oposa 60, m'dziko la mayi amene anasungidwa ndi maiko a eni zaka zonse zija. Atadziwa kuti ndife a ku Malawi anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mama, zimenezi ndimazinena kwa gulu lililonse, ngakhale ena sakondwa nazo." Ine ndinali kuno mu 2008, ndinagona masiku angapo osatuluka m'nyumba, ndipo kumva mayi wa konkuno akunena zimenezi mokweza pamaso pa anthu kunandichititsa kuti ndimulemekeze kwambiri.

Ulendowu umachitika m'Chingerezi, koma Gogo amasakaniza ndi Chizulu mukawapempha, ndipo amayankha mafunso mosatopa. Si woyenera ana aang'ono kwambiri kapena munthu wa miyendo yovuta, chifukwa mbali ya m'tauni ndi yaitali ndipo mthunzi ndi wochepa. Valani nsapato zafulati, tengani madzi ndi chipewa, ndipo mapepala anu akhale m'thumba monga mwa masiku onse mukamalowa m'tauni. Amene muli ndi ana a sekondale, atengeni, chifukwa zambiri mwa izi amaziphunzira m'kalasi koma sanaimepo pamalo pake.

Vuto lotsala ndi tsiku. Ulendowu umachitika Loweruka, pamene ambirife tili pantchito mpaka madzulo. Ndinawafunsa Gogo ngati angathe kuchita Lamulungu masana anthu atatuluka m'tchalitchi, ndipo anati gulu likakwanira kudzaza minibasi imodzi angavomere, n'kutsitsako mtengo pang'ono. Ndayamba kale kulemba maina kwa amayi a Mvano a mpingo wathu, ndipo ndadzipereka kumasulira m'Chichewa kwa amene Chingerezi chimawavuta.